Akanjedza anga anaduliridwa mpaka kutsala masamba atatu, kodi adzachira?

Mayi_wa_ku_Katoto
Ndakupatsani moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhawa imene yandisowetsa mtendere kwa miyezi iwiri tsopano, ndipo ndikupempha amene amadziwa za akanjedza okongoletsa pakhomo kuti andithandize. Pakhomo panga pali akanjedza anayi a mtundu umene ogulitsa mbande amautcha queen palm, amene ndinabzala m'mbali mwa njira yolowera galimoto zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. M'mwezi wa Ogasiti ndinapita ku Lilongwe kukadwazika mchemwali wanga, ndipo ndinasiya mawu kwa mnyamata amene amatithandiza ntchito zapanja kuti achotse masamba ouma. Pobwerera ndinapeza kuti wadula pafupifupi masamba onse, mtengo uliwonse watsala ndi atatu kapena anayi oloza kumwamba. Iye anati anaona anthu akudulira choncho pa malo ena ogona alendo, ndipo sindingamudzudzule kwambiri chifukwa inenso sindinamulongosolere bwino. Tsopano masamba atsopano akutuluka aafupi, ndipo otsala aja ayamba kuchita madontho achikasu ndi kuuma kunsonga. Kodi mitengo imeneyi idzachira? Kuwonjezera apo, umodzi mwa iyo wayandikira mawaya a magetsi, ndiye ndikufuna kudziwa ngati ndingaudule pamwamba monga timachitira ndi mango kapena mapeyala kuti usapitirire kutalika. Mvula ikayamba ndikufunanso kubzala ena kuseri kwa nyumba, koma sindikufuna kulakwitsanso.

Mlimi_wa_Lunyangwa
Pepani kwambiri mayi. Ndiyambe ndi funso la mtengo wa pa mawaya chifukwa ndilo loopsa: musaudule pamwamba ngakhale pang'ono. Kanjedza ali m'gulu lalikulu limodzi ndi udzu, chimanga, nsungwi ndi nthochi, ndipo sakula ngati mango. Mango ali ndi maso ambirimbiri m'nthambi zake, kotero mukadula apa amaphukira apo. Kanjedza wa thunthu limodzi ali ndi malo amodzi okha omerera, pamtima pake, pakati penipeni pa masamba kunsonga kwa thunthu. Tsamba lililonse limene mtengowo udzakhale nalo m'moyo wake lidzachokera pamenepo. Mukadula pamenepo mwaupha, ndipo chidzatsala ndi chipilala chimene chidzawola pang'onopang'ono.

Pa funso loyamba, nthawi zambiri queen palm amachira akaduliridwa mopitirira muyeso kamodzi, malinga ngati pamtima paja sipanavulazidwe. Koma musayembekeze kuti zichitika m'miyezi itatu. Mtengowu umatulutsa masamba owerengeka pa chaka, makamaka kuno ku Mzuzu kumene Juni ndi Julayi amazizira kwambiri ndipo kukula kumachedwa, choncho mutu wonse kuti ubwerere mwakale pangapite chaka chimodzi kapena ziwiri. Chachikulu n'chakuti kuyambira lero chikwanje chisayandikirenso mitengoyi, ngakhale masamba otsalawo aoneke onyansa bwanji.

Wamaluwa_Luwinga
Bambo Mlimi, apa ine sindikuvomereza zonse. Ndakhala ndikusamalira mabwalo a anthu kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo eni nyumba ambiri amafuna kanjedza woyera pathunthu, wa masamba oimirira. Ndadulira akanjedza ambiri motere ndipo sanafe. Ndimaonanso kuti ukachotsa masamba akale mtengo umathamanga kutalika. Mnyamatayo anangochita zimene ambirife timachita.

Mlimi_wa_Lunyangwa
Achimwene a ku Luwinga, n'zoona kuti safa tsiku lomwelo, ndipo n'chifukwa chake chizolowezichi chafalikira. Koma ndikupempheni kuti mukapitenso pa mabwalo amene mwadulira chaka ndi chaka mukayang'anitsitse mathunthu. Mukapeza kuti pena thunthu lawonda ngati khosi la botolo, kenako n'kunenepanso pamene mtengowo unapatsidwa mpata wopuma. Pamalo powondapo ndi chaka chimene unasowa chakudya, ndipo sipadzanenepanso, chifukwa thunthu la kanjedza siliwonjezera mnofu chaka ndi chaka monga mbawa kapena mlombwa. Masamba obiriwira ndiwo amapanga chakudya cha mtengo wonse, kotero mukasiya atatu pa malo a khumi ndi asanu mwauchotsera mbali yaikulu ya mphamvu zake. Zoti umathamanga kutalika ndi maso chabe: thunthu limaoneka lalitali chifukwa mwalivula, koma mukayeza mupeza kuti likukula mochedwa kuposa kale.

Wamaluwa_Luwinga
Zowonda pathunthuzo ndaziona ndithu pa nyumba ina ku Chimaliro, koma ndinkati ndi chilala cha chaka chimenecho. Ndikayang'ananso. Komabe mundiuze malire ake, chifukwa mwini nyumba akandilemba ganyu yodulira sindingabwerere osadula kanthu.

Mlimi_wa_Lunyangwa
Malire ake ndi osavuta kukumbukira. Imani patali muyerekeze kuti mutu wa kanjedza ndi wotchi ya pakhoma. Tsamba lililonse limene lili kuyambira pa 9 koloko, kukwera kudutsa pa 12, mpaka kutsikira pa 3 koloko, musalikhudze. Amene alendewera m'munsi mwa mzere umenewo mungathe kuwaganizira, komabe chotsani okhawo amene auma kotheratu, kapena othyoka, kapena amene akutseka njira. Zikonyo za maluwa ndi zipatso mungadule nthawi iliyonse, mtengo sudandaula nazo, ndipo pa queen palm zimathandiza chifukwa zipatso zake zikagwa zimaterera pa simenti ndi kuitana ntchentche. Podula gwiritsani ntchito sowo yakuthwa, musiye kachidutswa kotalika ngati zala zitatu kapena zinayi, ndipo musang'ambe tsamba ndi manja chifukwa limachoka ndi khungu la thunthu. Bala la pathunthu la kanjedza silipola mpaka kalekale.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndikufuna kuthirirapo ndemanga pa madontho achikasu amene mayi a ku Katoto atchula, chifukwa ndikuganiza kuti vutoli linayamba mnyamata uja asanagwire chikwanje. Mayi, kodi musanapite ku Lilongwe masamba a m'munsi sanali atayamba kale kuchita mawanga achikasu kapena ofiirira, nsonga zake n'kumaoneka ngati zawauka ndi moto? Ndipo mumathira feteleza wanji pa kapinga wozungulira mitengoyi?

Mayi_wa_ku_Katoto
Bambo aphunzitsi, mwalasa. Masamba a m'munsi anali otero kumene, n'chifukwa chake ndinati achotsedwe. Pa kapinga timawaza yureya kawiri m'nyengo ya mvula, ndipo nthawi zina timathirako 23:21:0+4S wotsala kumunda wa chimanga.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye gwero lake ndi limenelo, mayi. Zizindikiro zimene mwafotokozazo ndi za kusowa kwa mchere wa potaziyamu, umene akanjedza amaufuna kwambiri. Dothi lofiira la kuno kwathu limasukuluzika ndi mvula yambiri imene timalandira kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo potaziyamu amatsika ndi madzi. Pa thumba la feteleza nambala yoyamba ndi ya nayitirojeni, yachiwiri ndi ya fosifolasi, yachitatu ndiyo ya potaziyamu, ndipo pa 23:21:0+4S mukuona nokha kuti pali ziro. Yureya ndi nayitirojeni yekhayekha. Mukathira awiriwa mumaukakamiza mtengo kutulutsa masamba atsopano mofulumira pamene m'nthaka mulibe potaziyamu wokwanira, ndiye mtengowo umayamwa potaziyamu wa m'masamba akale n'kumutumiza kwa atsopano. Tsamba lachikasu la m'munsi lija ndi nkhokwe imene mtengo ukutapamo. Mukalidula lisanaume, umayamba kutapa m'tsamba lotsatira, ndipo chikasu chimakwerakwera mpaka chifike pamtima. N'zimene zikuchitika pa masamba anu atatu otsalawo, chifukwa tsopano ndiwo akale kwambiri pa mtengowo.

Akatswiri a pa University of Florida ku America, kumene akanjedza okongoletsa ndi ochuluka zedi, amalangiza feteleza wa 8-2-12 wokhala ndi magawo 4 a magineziyamu, wosungunuka pang'onopang'ono. Ine sindinamuonepo m'masitolo a mu Mzuzu, koma manambalawo akutiphunzitsa kanthu: potaziyamu apose nayitirojeni, fosifolasi akhale wochepa, ndipo magineziyamu asasowe. Chimene ndimachita ndi kugula feteleza wa potashi kwa ogulitsa zipangizo za ulimi, n'kuwaza pang'onopang'ono katatu kapena kanayi m'nyengo ya mvula, pamodzi ndi mchere wa Epsom umene uli ndi magineziyamu. Awiriwa aziyendera limodzi, chifukwa potaziyamu akachuluka yekha amatsekereza magineziyamu, ndipo mumayamba kuona mzere waukulu wachikasu m'mphepete mwa tsamba pamene pakati pali pobiriwira. Powaza, musaunjike patsinde koma mwazani ponseponse pamene mthunzi wa masamba unkafika, ndipo yureya ikhale kutali ndi dera limenelo. Dziwaninso kuti tsamba limene lachita kale chikasu silibiriwiranso. Mudzaona kusintha pa masamba atsopano okha.

Agogo_a_ku_Chiputula
Ana anga, ife kale sitinkagula zonsezo. Phulusa la m'khitchini ndi manyowa a ng'ombe owolerana bwino ndizo zakuza kanjedza wanga amene tsopano wapitirira denga. Kodi phulusa silokwanira?

Mphunzitsi_Wopuma
Agogo, mwanena zoona, phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu, ndipo pa dothi lowawasa ngati lathu limathandiza likakhala lochepa. Chenjezo langa ndi pa kuchuluka kwake ndi pa malo. Phulusa limachepetsa kuwawasa kwa nthaka monga laimu, ndipo mukaunjika tsiku ndi tsiku patsinde limodzi, kapena ngati mtengo uli pafupi ndi mpanda wa njerwa pamene amisiri anakwirira zotsala za simenti, mizu imalephera kuyamwa mchere wina wotchedwa manganizi. Zikatero tsamba latsopano limatuluka lofota, lopiringizika ngati lawauka, ndipo queen palm ndi mmodzi mwa amene amagwidwa msanga ndi vuto limeneli. Choncho phulusa likhale la manja awiri kapena atatu, lomwazidwa patali, kamodzikamodzi.

Mlonda_wa_ku_Masasa
Ine funso langa ndi la njoka. Masamba ouma akamalendewera pathunthu amasunga makoswe, mileme ndi njoka, ndipo pamene ndimagwira ntchito tinaphapo njoka yobiriwira m'menemo. Kodi mukuti tiziwasiya?

Mlimi_wa_Lunyangwa
Ayi achimwene, ouma kotheratu chotsani, palibe amene akuletsa. Mtengo unatenga kale zonse zimene unkafuna m'tsamba louma. Mkangano wathu uli pa obiriwira ndi achikasu okha. Ndiwonjezerenso kuti mitundu ina sifuna kuduliridwa n'komwe. Royal palm wochokera ku Cuba, king palm wa ku Australia ndi areca wa ku Madagascar ali ndi khosi losalala lobiriwira pansi pa masamba, ndipo tsamba likakalamba limasupuka lokha n'kugwa. Kulikoka lisanakonzeke kumavula khungu lanthete limene linali lisanakhwime. Queen palm wa ku Brazil, Washingtonia wa ku Mexico ndi akanjedza a banja la Phoenix ndiwo amasunga masamba ouma ndipo amafuna sowo.

Katekisiti_wa_ku_Chibavi
Nkhani imeneyi yandikhudza mbali ina. Chaka chilichonse Lamulungu la Kanjedza likayandikira, m'mwezi wa Malichi kapena Epulo, timatuma achinyamata kukapempha masamba m'makomo a akhristu, ndipo ambiri amafuna tsamba lanthete lapakati, limene silinatambasuke, chifukwa ndi loyera ndiponso lofewa polukira timitanda. Chaka chatha mayi wina wa m'mphakati mwathu anadandaula kuti kanjedza wake anafa pambuyo pa Pasaka, ndipo tsopano ndikuona chifukwa chake. Kodi tingachite bwanji kuti mwambo usaime komanso mitengo ya anthu isafe?

Mlimi_wa_Lunyangwa
Bambo akatekisiti, tsamba lapakatilo ndilo lowopsa kwambiri kulidula, chifukwa chikwanje chikalowa pang'ono chabe chafika pamtima, ndipo ngakhale chisafike, bala limatsala poyera mvula ikugwa, madzi n'kulowa n'kuwoletsa. Auzeni achinyamata atenge tsamba limodzi kapena awiri a m'munsi pa mtengo uliwonse, osapitirira apo. Tsamba limodzi lili ndi timasamba tambirimbiri tokwanira anthu ochuluka mukatigawa. Chabwino koposa n'chakuti mubzale pabwalo la tchalitchi kanjedza wathu wa m'madambo uja, amene akatswiri amamutcha Phoenix reclinata. Iye amamera mwa chitsamba, mathunthu ambiri kuchokera pa tsinde limodzi, ndiye mukatenga masamba pang'ono pa thunthu lililonse chitsamba sichimva kanthu.

Mwana_wa_ku_Nyanja
Ndasangalala kuti kanjedza wathu watchulidwa, chifukwa zimandiwawa kuona kuti tikuwononga ndalama pa mitengo ya ku Brazil ndi ku Cuba pamene tili ndi yathu. Phoenix reclinata amamera yekha m'mphepete mwa mitsinje, amapirira chisanu cha kuno ndi chinyezi chomwe, ndipo mbalame zimakonda zipatso zake. Tilinso ndi chiwale, chimene masamba ake ali m'gulu la masamba aatali kwambiri pa zomera zonse, mgwalangwa umene umatipatsa mlaza wolukira mikeka ndi madengu, ndiponso mvumo. Mayi a ku Katoto, bwanji kuseri kwa nyumbako osabzala yathuyi?

Wa_ku_Karonga
Achimwene, chikondi cha zathu ndi chabwino, koma tisawasocheretse mayiwa. Mgwalangwa ndi mvumo ndi mitengo ya kumalo otentha a m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa, ndipo imakula mochedwa kwambiri. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, n'kozizira. Ine ndinabweretsa mbande za kanjedza wa mawese, wotulutsa mafuta uja, kuchokera kwathu, komanso kokonati awiri, ndipo kokonatiwo anafa m'chisanu choyamba, pamene wa mawese wakhala zaka zisanu akungokwawa. Chiwale chimafuna dambo la madzi osaphwa ndi malo aakulu, ndiponso thunthu lake likabereka zipatso limafa. Pa yonseyi, woyenera pakhomo la m'tauni ndi Phoenix reclinata yekha, naye ali ndi minga yaitali yakuthwa kumayambiriro kwa tsamba lililonse. Ngati pali ana aang'ono osewera kuseriko, aganize kawiri.

Namwino_wa_ku_Zolozolo
Za mingazo ndikuchitira umboni. Munga wa akanjedza a mtundu umenewu umalowa mozama, nsonga yake imathyokera m'kati, ndipo ukalasa pa mfundo ya chala kapena pa bondo pamatupa kwa milungu yambiri. Amene akudulira avale magolovesi achikopa ndi zoteteza maso, ndipo ayambe wadula mingayo asanakoke tsamba. Mukalasidwa n'kuona kuti kutupa sikukutha, pitani kuchipatala, musamangofinya kunyumba.

Mayi_wa_ku_Katoto
Zikomo nonse. Kuseriko kuli zidzukulu zitatu zimene zimasewera tsiku lonse, choncho wa mingayo ndimusiya. Malowo ndi a mamita pafupifupi asanu kuchokera pa khoma la nyumba kufika pa mpanda, dzuwa limafika m'mawa mokha, ndipo pakona pali thanki ya chimbudzi chamadzi. Mwamuna wanga akuopa kuti mizu idzang'amba maziko a nyumba.

Mlimi_wa_Lunyangwa
Auzeni bambo kuti mizu ya kanjedza siili ngati ya kachere kapena bulugama. Imatuluka yambirimbiri patsinde, yonse yonenepa ngati chala kapena pensulo, ndipo sinenepa ikamakalamba, choncho sikweza maziko. Komabe imalukana kwambiri ndipo imalondola chinyezi, ndiye ngati paipi ya ku thanki ili ndi mng'alu idzalowamo. Siyani mamita awiri kapena atatu kuchokera pa thanki ndi mapaipi. Pa malo a mthunzi ngati amenewo ine ndingasankhe areca, amene ena amamutcha golden cane. Amamera mwa chitsamba, alibe minga, amataya yekha masamba akale, ndipo akatalika kwambiri mungadule thunthu limodzi pansi penipeni ena n'kupitiriza kukula. King palm nayenso amakonda nyengo yozizirirapo ndi yachinyezi ngati yathu. Royal palm musamuyerekeze n'komwe pamenepo, chifukwa amatha kupitirira mamita 20 ndipo tsamba lake likagwa ndi lolemera moti lingavulaze mwana kapena kuphwanya malata. Fishtail palm nayenso ayi, popeza zipatso zake zili ndi madzi oyabwa kwambiri pakhungu. Ogulitsa ena angakuonetseni kamtengo kotchedwa sago palm. Kameneko si kanjedza weniweni, ndipo njere zake ndi poizoni kwa ana ndi agalu.

Mphunzitsi_Wopuma
Pa kabzalidwe ndifotokoze zimene zinandigwera, kuti ena asabwereze. Nditangopuma pantchito ndinagula akanjedza atatu aakulu ndithu, a m'matumba a simenti, pa mtengo umene unandipweteka m'thumba. Ndinakumba mayenje akuya ngati obzalamo nthochi, ndinadzaza manyowa a nkhuku, ndipo ndinakwirira mathunthu mozama poganiza kuti mphepo ya m'mwezi wa Julayi isawagwetse. Mvula itabwera manyowa anatitimira, mitengo inamira nawo, ndipo mayenje aja m'dothi lathu lamakande anasanduka miphika yosunga madzi. Kwa chaka chathunthu masamba ankatuluka otuwa ndi aafupi, ine n'kumawonjezera feteleza, mpaka iwiri inafa. Nditafukula ndinapeza mizu yakuda yonunkha.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti dzenje likhale lotambalala kuwirikiza kawiri dothi la m'chubu, koma kuya kwake kufanane ndendende ndi dothilo. Pamene mizu imayambira patsinde pakhale pa mulingo wa nthaka, kapena pakwiririke ndi dothi lochepa ngati zala ziwiri basi. Pansi pa dzenje pakhale polimba kuti mtengo usatitimire. Bwezerani dothi lomwe munakumbalo, muthire madzi pamene mukukwirira kuti mphako za mpweya zitsekeke, ndipo manyowa owolerana aikidwe pamwamba ndi kuphimbira ndi udzu, kusiya mpata ngati chikhatho kuzungulira thunthu chifukwa cha chiswe ndi kuwola. Musanabzale dzazani madzi m'dzenjemo madzulo. Mukapeza m'mawa madzi akadalimo, bzalani pa kachulu kokwezeka kapena sankhani malo ena.

Agogo_a_ku_Chiputula
Aphunzitsi, ine manyowa m'dzenje ndimaika ndithu, ndipo sindinatayepo mtengo. Kungoti anga amakhala a ng'ombe a chaka chatha, osakaniza ndi dothi, ndipo kwathu kuno ndi kotsetsereka, madzi saima.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo ndiye pali kusiyana, agogo. Anu ndi owolerana, ochepa, pa malo otsetsereka. Anga anali aawisi, odzaza dzenje, pa malo athyathyathya. Mayi a ku Katoto ayang'ane malo awo asanasankhe njira.

Wamaluwa_Luwinga
Pa nthawi yobzala ndiye ndili ndi mawu. Anthu ambiri amagula mbande mu Epulo kapena Meyi poona kuti nthaka ikadali yonyowa ndipo kukuwaza mvula yamawawa. Koma mizu ya kanjedza imakula nthaka ikakhala yofunda, ndiye wobzalidwa mu Meyi amangokhala duu mpaka Seputembala, ndipo ena amawola. Bzalani kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala mvula ikakhazikika. Mvula ikadukiza thirirani tsiku lililonse m'milungu yoyambirira, kenako kawiri kapena katatu pa mlungu mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Feteleza wa m'sitolo adikire mpaka muone tsamba latsopano. Wamkulu akafuna zochirikiza, kulungani thunthu ndi chiguduli, mumangirirepo timatabwa tatifupi ndi waya, ndipo mitengo yochirikiza ikhomeredwe pa timatabwato. Msomali usalowe m'thunthu.

Mlimi_wa_Lunyangwa
Apa ndiye tagwirizana, achimwene. Popeza inu mumayenda ndi sowo imodzi m'makomo ambiri, ndikupempheni chinthu china. Ku Florida matenda a Fusarium apha queen palm ndi Washingtonia ambiri, ndipo mtundu wina wa matendawa umapha kanjedza wotchedwa Canary Island date palm m'mayiko osiyanasiyana. Njira imodzi imene amafalikira ndi utuchi wotsalira m'mano a sowo. Mankhwala ochiza palibe. Musanachoke pa mtengo wina kupita pa unzake, tsukani utuchi ndi bulashi, muviike sowo kwa mphindi 10 m'madzi osakaniza gawo limodzi la Jik ndi magawo atatu a madzi, kenako mutsukuluze. Komanso musakwere kanjedza pogoba mapazi ndi chikwanje monga ena amachitira. Fungo la bala latsopano limaitana nankafumbwe wamkulu wa akanjedza, amene amaikira mazira pabalapo, mphutsi zake n'kudya thunthu m'kati mpaka mutu kugwa.

Mlonda_wa_ku_Masasa
Nanga masamba akamatuluka atadulidwadulidwa mwa mpanda ngati wina wadula ndi sizasi, chimenecho n'chiyani? Komanso patsinde pa umodzi pamera chibowa cholimba ngati mbale, choyera m'mphepete.

Mlimi_wa_Lunyangwa
Choyambacho ndi chikumbu chakuda cha nyanga pamutu, chimene chimaboola tsamba likadali lopindika pamtima, ndiye likatambasuka pamaoneka podulidwa. Chimaswana m'milu ya manyowa, utuchi ndi zitsa zowola, choncho yambani mwachotsa zimenezo pafupi, ndipo pa mtengo waufupi mungachikoke ndi waya wopinda kunsonga. Chachiwiricho n'chomvetsa chisoni. Chibowa chotero chimatchedwa Ganoderma, ndipo chikaonekera kunja ndiye kuti m'kati mwa tsinde mwawola kale. Sichichizika. Auzeni abwana anu kuti mtengowo ugwetsedwe usanagwere munthu kapena galimoto, chitsa chizulidwe, ndipo pamalopo pasabzalidwenso kanjedza wina.

Mayi_wa_ku_Katoto
Ndibwerere ku wa pa mawaya uja, chifukwa ngati sindingaudule pamwamba ndiye nditani? Pakali pano pakati pa tsamba lalitali ndi waya pali mpata wa mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ndiponso ndingadziwe bwanji kuti pamtima pa mitengoyi pakadali moyo?

Mlimi_wa_Lunyangwa
Njira zilipo ziwiri zokha, mayi, kuusamutsa kapena kuugwetsa. Queen palm amalola kusamutsidwa ngakhale ali wamkulu, ngati mwakumba mozungulira pa mtunda wosachepera theka la mita kuchokera pathunthu n'kuunyamula ndi dothi lake, kumanga masamba pamodzi, ndi kuubzala tsiku lomwelo pa kuya komwe unali. Vuto n'lakuti wanuwo ndi wofooka panopa ndipo alibe masamba oti amuchirikize, komanso akayamba kuchira masamba adzatalika n'kudya mpata umene mukuunenawo. Ndingakulangizeni kuti mupite ku ofesi ya ESCOM mukawapemphe adzaone, chifukwa ntchito iliyonse pamenepo, kaya yosamutsa kaya yogwetsa, iyenera kuchitika iwo akudziwa. Mnyamata wanu asayandikire mtengo umenewo ndi makwerero achitsulo kapena mtengo wautali, pakuti tsamba lonyowa limadutsitsa magetsi.

Pofuna kudziwa ngati pamtima pali moyo, pa itatu ili kutali ndi mawayayo wina akwere pa makwerero olimba, mnzake atagwirira pansi. Apeze tsamba lapakati losatambasuka lija, alembe mzere umodzi ndi cholembera chosafufutika kudutsa pa ilo ndi pa phesi la tsamba loyandikana nalo. Pakatha mlungu akaonenso. Ngati mzere wa pa tsamba lapakati wakwera kusiya unzake, mtengo ukukula.

Mayi_wa_ku_Katoto
Ndabweranso patatha masiku asanu ndi atatu. Mwana wanga wamwamuna analemba mizere ija Loweruka lapitalo, ndipo dzulo anakweranso. Pa mitengo iwiri mzere wakwera pafupifupi zala ziwiri, ndipo mtima wanga watsikako. Pa wachitatu, umene uli pafupi ndi geti, mzere sunasunthe ngakhale pang'ono, ndipo akuti pa phesi limodzi pali bala lakuya pamene chikwanje chinaphonya. Ku ESCOM ndinapita Lachitatu ndipo analemba dzina ndi malo. Potashi ndagula makilogalamu asanu koma sindinathire, ndikudikira mvula.

Mlimi_wa_Lunyangwa
Iwiriyo yapulumuka, mayi. Wa pa getiwo musautaye mtima msanga, chifukwa ndi kutentha ndi kuuma kwa Okutobala mtengo wofooka ungathe kuima mlungu wathunthu. Uthirireni madzi okwanira kawiri pa mlungu, mothira pang'onopang'ono kuti alowe pansi. Mwana wanu akakweranso agwire tsamba lapakatilo n'kulikoka mofatsa kwambiri, ndipo anunkhize. Likakhala lolimba ndiponso lopanda fungo, lisiyeni. Likasupuka lokha lili lowola kumunsi, achotse zowolazo, athire mankhwala a kopa amene alimi a tomato amapopera, osungunula monga mwa malangizo a pa paketi, ndipo aphimbe pamwamba mosatseka mpweya kuti mvula yoyamba isadzazemo madzi. Ayang'anenso pabala paja ngati pali kabowo kotuluka utuchi wonyowa.

Mayi_wa_ku_Katoto
Ndamva, bambo. Akweranso Loweruka m'mawa kusanatenthe, ndipo ndamuuza mnyamata uja kuti adzakhalepo agwire makwerero, aone yekha pamene masamba amachokera. Mankhwala a kopa ndikagula mawa ku msika waukulu kuti akhale pafupi ngati angafunike.